CIKHULUPIRIRO NDI NZERU PA KUSUNGA MALAMULO A AYUDA

Mau a Mulungu: Deuteronomo 6:20-25

Inu aphunzitsi a m'midzi, pali funso limene limatipeza kawirikawiri m'sukulu ndi m'makalasi. Mwana akawerenga Levitiko 11, napeza kuti Aisrayeli analetsedwa kudya nkhumba, ndi kalulu, ndi nsomba yopanda mamba monga mlamba wathu, atukula dzanja nafunsa kuti Mulungu analetseranji zimenezi. Ena a ife timkalipira mwanayo, ngati kufunsa ndiko kupanduka. Ena timpekera yankho la m'mutu mwathu kuti tingacite manyazi. Njira zonse ziwirizi ziononga. Mwana wokalipidwa ayesa kuti cikhulupiriro ciopa nzeru; ndipo mwana wonamizidwa, tsiku limene adzazindikira bodzalo, adzataya yankho pamodzi ndi Buku.

M'mau athu a lero Mose aneneratu kuti tsiku lidzafika lakuti mwana afunse atate wace tanthauzo la mboni ndi malemba ndi maweruzo, ndipo samletsa. Auza atateyo ayambe ndi kusimba za ukapolo wa ku Aigupto ndi dzanja limene linawaturutsa. Atatero amuuze kuti malamulowo anapatsidwa kuti awakomere masiku onse ndi kuwasungira moyo. Poyamba atateyo aonetsa Mwini lamulo, pambuyo pace aonetsa ubwino wa lamulo. Ayuda akhala akusinkhasinkha za zinthu ziwirizi zaka zoposa 2,000, ndipo tidzacita bwino kukhala pansi ndi kumva zimene anapeza.

I. Mitundu iwiri ya malamulo

Mphunzitsi wina wa Ayuda, Rabbi Simlai, amene anakhala zaka za m'ma 200 atabadwa Kristu, anaphunzitsa kuti malamulo a m'mabuku a Mose alipo 613: oletsa 365, monga masiku a caka, ndi olamulira kucita 248, monga momwe iwo anawerengera ziwalo za thupi. Ambiri a iwo sangathe kusungidwa tsopano, pakuti ali a nsembe ndi a Kacisi, amene Aroma anapasula m'caka ca 70. Koma a Sabata, a zakudya, a mapemphero ndi a cifundo, Ayuda opembedza awasunga kufikira lero lino.

M'buku lao lalikuru la Talmud aphunzitsi anagawa malamulowa pawiri. Maweruzo, amene m'Cihebri achedwa mishpatim, ndiwo malamulo akuti ngakhale akadapanda kulembedwa, kukadayenera kuti alembedwe: kuletsa kupha, kuba, cigololo, kupembedza mafano ndi kucitira Mulungu mwano. Malemba, ochedwa hukim, ndiwo amene anthu akunja amawaseka popeza cifukwa cace sicioneka: kusadya nkhumba, kusabvala cobvala ca ubweya wa nkhosa wosanganiza ndi bafuta, ndi mbuzi imene inatumizidwa kucipululu tsiku la citetezero.

Lobvuta koposa onse ndilo la ng'ombe yamsoti yofiira, pa Numeri 19. Phulusa lace, losanganiza ndi madzi, linayeretsa munthu wokhudza mtembo. Koma iye wakutentha ng'ombeyo, ndi iye wakuola phulusalo, anakhala odetsedwa kufikira madzulo. Cinthu comweco ciyeretsa wodetsedwa ndi kudetsa woyera. Pamenepa nzeru ya munthu iima, nigwira pakamwa.

II. Iwo amene anafunafuna zifukwa

Saadia Gaon anabadwa ku Aigupto m'caka ca 882, nakhala mkuru wa sukulu ya Ayuda ku Sura, m'dziko la Babulo. M'caka ca 933 analemba m'Ciarabu buku la zikhulupiriro, m'mene anasiyanitsa malamulo amene nzeru iwazindikira yokha ndi malamulo amene tiwadziwa mwa kumva kokha. Nzeru itiuza kuti wolandira zabwino ayenera kuyamika. Koma siingathe kutiuza nthawi ya kuyamikako, kapena macitidwe ace. Cifukwa cace panafunika mneneri. Anaonanso kuti munthu wofunafuna coonadi ndi nzeru yace yokha atenga nthawi yaitali, ndipo ena atopa panjira, ena asokera. Cotero Mulungu mwa cifundo cace anauziratu anthu zimene nzeru ikadazipeza mocedwa, kuti angakhale opanda cowatsogolera pamene ali kufunafuna. Ngakhale m'malamulo a kumva kokha Saadia anapezamo phindu lina, monga mpumulo wa Sabata umene upatsa anthu nthawi ya kuphunzira ndi kupemphera.

Wopambana onse pa nchito iyi ndiye Maimonides, wobadwira ku Cordoba m'dziko la Spain, amene anakhala sing'anga ku Aigupto, namwalira m'caka ca 1204. Pafupi ndi caka ca 1190 anatsiriza buku lotsogolera anthu othedwa nzeru, ndiwo ophunzira amene mtima wao unagawanika pakati pa Cilamulo ndi maphunziro. Iye anati palibe lamulo lopanda cifukwa, pakuti Mulungu wanzeru sacita kanthu cabe. Ngati cifukwa cibisika, cosowaco ciri mwa ife. Anadzudzula iwo akuyesa kuti lamulo liyera koposa likakhala losamveka, nawakumbutsa Deuteronomo 4:6, pamene Mose anena kuti mitundu ya anthu idzaona nzeru ya Israyeli m'malembawo. Kodi akadaiona bwanji nzeru m'cinthu copanda tanthauzo?

Pa nsembe ananena mau olimba. Masiku a Mose anthu onse anapembedza ndi nsembe za nyama, ndipo mtundu wa anthu sungathe kuleka mwadzidzidzi cimene unazolowera. Cotero Mulungu anasiya nsembe, koma anaicotsa kwa mafano, naibweza kwa Iye yekha, naiikira malo amodzi ndi ansembe oikika. Komabe Maimonides anaika malire pa kufunsa. Nsembe iri ndi cifukwa. Koma wofunsa cifukwa ninji ana a nkhosa ali 7 osati 8 ataya nthawi yace, pakuti nambala ina iyenera kusankhidwa, ndipo ikadakhala 8 akadafunsanso comweco.

III. Iwo amene anacenjeza

Si onse anabvomerezana naye. Nachmanides wa ku Girona, wobadwa m'caka ca 1194, anamtsutsa kolimba pa nsembe. Abele anapereka nsembe pasanakhale fano liri lonse, ndipo Nowa anaipereka ataturuka m'cingalawa, dziko liri lopanda opembedza mafano. Tsono nsembe ikhala bwanji mankhwala a mafano okha? Maimonides, pokhala sing'anga, anatinso nyama ya nkhumba iipsa thupi. Koma Isaac Abravanel, amene anaturuka m'Spain pamodzi ndi Ayuda anzace pamene anapitikitsidwa m'caka ca 1492, anayankha kuti anthu a mitundu ina aidya nakhala amphamvu, ndi kuti cifukwa cikadakhala cimeneco, Cilamulo cikadasanduka kabuku ka mankhwala. Inu aphunzitsi gwiritsani ici. Mukauza mwana kuti nkhumba inaletsedwa cifukwa ca njoka za m'mimba zokha, mawa adzakuyankhani kuti nyama yopsa bwino iribe njoka, ndipo mudzasowa ponena.

Talmud isimba za ngozi yoposa imeneyi. Pa Deuteronomo 17 mfumu iletsedwa kucurukitsa akazi, kuti mtima wace ungapatuke, ndi kucurukitsa akavalo, kuti ingabwezere anthu ku Aigupto. Apa cifukwa cinalembedwa poyera. Aphunzitsi anena kuti Solomo anaciwerenga, nayesa mumtima mwace kuti iye, pokhala wanzeru, akhoza kucurukitsa osapatuka. Tidziwa pa 1 Mafumu 11 kumene anathera. Wanzeru woposa onse anagwa pa lamulo lomwelo limene cifukwa cace anacidziwa, popeza anadziyesa mwini cifukwa, nadzimasula yekha. Kodi sititero ifenso, pamene tinena kuti langizo ili liyenera ofoka, koma ife tidziwa polekezera?

Asimbanso za Yohanan ben Zakkai, amene anasonkhanitsa ophunzira ku Yavne Kacisi atapasuka. Munthu wakunja anamuuza kuti za ng'ombe yofiira zifanana ndi matsenga. Iye anamyankha ndi fanizo la mankhwala ofukiza amene akunjawo anacitira ogwidwa ndi mizimu, ndipo munthuyo anacoka. Ophunzira ace sanakhutire, nati mlendoyo wamkankha ndi bango cabe, nanga iwo awauza ciani? Pamenepo anawauza kuti mtembo ulibe mphamvu ya kudetsa mwa iwo wokha, ngakhale madzi alibe mphamvu ya kuyeretsa. Mphamvu yonse iri m'lamulo la Mfumu.

Apa tione kusiyana kwa lamulo lotere ndi zoletsa zimene tinakulira nazo. Tinauzidwa kuti wolakwira mwambo wakuti adzadula mwana wace, ndipo tinasunga ndi mantha, poyesa kuti tsoka likhala m'cinthu comweco. Myuda wophunzitsidwa bwino sayesa kuti m'nkhumba muli tsoka. Mphunzitsi wao wina, Eleazar ben Azariah, anati munthu asanene kuti nyamayo imnyansa; abvomere kuti akadaikhumba, koma Atate wace wa Kumwamba anamletsa. Kumvera kotere kucokera m'kudziwa Iye amene analankhula. Cifukwa cace Ayuda akonda Eksodo 24:7, pamene makolo ao pa Sinai anachula kucita asanachule kumva. Iye amene anawaolotsa Nyanja Yofiira anayenera kukhulupiridwa asanamasulire zonse.

IV. Pamene ziwirizi zikomana

Nkhani iyi inadya miyoyo ya anthu. M'caka ca 167 asanabadwe Kristu, mfumu Antiochus inaletsa Cilamulo m'Yudeya. Mabuku a Amakabeo asimba za nkhalamba Eleazara, imene inakakamizidwa kudya nkhumba. Abwenzi ace anamuuza mseri kuti abwere ndi nyama yololedwa, anyenge mfumu ngati wadya. Anakana, poopa kuti anyamata angayese kuti wasiya cipangano mu ukalamba wace, nasankha imfa. Panalibe funso la thanzi pamenepo. Nkhumba inasanduka cizindikiro ca kukana Mulungu.

Masiku omwewo Ayuda ngati 1,000 anaphedwa m'mapanga tsiku la Sabata, popeza anakana kudzichinjiriza. Matatiya ndi anzace atamva, anapangana kuti akaputidwa pa Sabata adzadziteteza, kuti mtundu ungathe psiti. Pambuyo pace aphunzitsi anakhazikitsa ciweruzo, pocokera pa Levitiko 18:5, cakuti malamulo anapatsidwa kuti munthu akhale nao ndi moyo. Cotero kupulumutsa moyo kupambana Sabata: wodwala kwakayakaya amphikira ndi kumthamangira kwa sing'anga, ndipo wozengereza ndiye wolakwa. Anapatulapo zitatu zokha zimene munthu ayenera kufa osazicita: kupembedza mafano, cigololo ndi kupha. Onani tsono: cikhulupiriro cinamlimbitsa Eleazara kuti afe, ndipo nzeru inamphunzitsa Matatiya kuti asunge amoyo, ndipo onse awiri analemekeza Cilamulo cimodzi.

V. Kwa ife

Ife a mitundu ina sitinasenzetsedwa goli la malamulo onsewa. Atumwi anaweruza mlanduwo ku Yerusalemu, monga tiwerenga pa Macitidwe 15. Koma ici cisatipatse mwano. Ambuye wathu Yesu anabadwa pansi pa Cilamulo, anadulidwa tsiku lacisanu ndi citatu, anabvala mphonje pa cobvala cace, nasunga Paskha. Pociritsa pa Sabata anafunsa za nkhosa yogwa m'dzenje, ndiko kuitana nzeru ya omvera ace. Pa Mateyu 23:23 anaika ciweruzo, cifundo ndi cikhulupiriro patsogolo, osanyoza zazing'ono. Ndipo m'Getsemane anamvera kufikira imfa. Wonyoza Myuda cifukwa ca Sabata lace, kapena mnansi wace Msilamu cifukwa ca kukana nkhumba, sanaphunzire mtima wa Mbuye wace.

Tsono mwana akafunsa, mumlandire ndi nkhope yabwino, pakuti Mose anamlola. Yambani ndi kumuonetsa Mulungu amene anaombola anthu ace. Pamenepo mpatseni cifukwa cimene Malembo apatsa, pakuti pa Levitiko 11:44-45 zakudya zilumikizidwa ndi kupatulika kwa mtunduwo. Zifukwa zimene anthu anaganiza muzinene monga maganizo a anthu, ndi kumuuza kuti anzeru anatsutsana pa izo. Pamene mwafika pa malire, nenani poyera kuti apa tiyembekeza kuunika. Mphunzitsi wotero sacepa pamaso pa ana. Aphunzira kwa iye kuti munthu akhoza kufunsa ali cigwadire.

Ndipo ife akuru tidziyese tokha. Malamulo amene atibvuta masiku onse sindiwo obisika. Kukhululukira mbale, kubweza ngongole, kusunga ukwati, kuleka miseche: zifukwa zace tizidziwa bwino lomwe, monga Solomo anadziwa. Cotisowa ndico mtima wakumvera. Tisacedwetse kumvera kufikira titamvetsa zonse, ndiponso tisaleke kufunafuna popeza tamvera. Pakuti Iye amene afuna mtima wathu ndiye amene analenga nzeru zathu.

Tipemphere. Mulungu wa Abrahamu, wa Isake ndi wa Yakobo, amene munapatsa Israyeli Cilamulo canu, mutipatse nzeru ya kufunsa ndi kudzicepetsa kwa kumvera. Mudalitse aphunzitsi athu ndi ana amene awafunsa, ndipo mukumbukire anthu anu akale amene mwa iwo tinalandira Malembo ndi Mpulumutsi. Mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.