Zomwe zimasowetsa tulo oyendetsa sikimu ya Bwanje

Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley ili ku Mtakataka, m'dera la Mfumu Kachindamoto m'boma la Dedza. Ndi ya mahekitala 800, idamangidwa ndi thandizo la boma la Japan ndipo imapatutsa madzi mumtsinje wa Namikokwe. Alimi pafupifupi 2,000 amadalira mpunga ndi chimanga cha m'menemo. Koma pokamba za zokololazi, anthu saganizira kwenikweni za mtolo womwe amasenza oyendetsa sikimuyi: akomiti ya bungwe la ogwiritsa ntchito madzi, akuluakulu a kopaletivu ndi alangizi a zaulimi.

Gwero la nkhawa yawo ndi madzi. Akachepa m'chilimwe, alimi a kumtunda kwa ngalande amathirira msanga pomwe a kumapeto amadikira mbewu zikufota. Mtsogoleri ndiye amagawa masiku othirira, kutolera ndalama za madzi, kumema anthu kukachotsa mchenga m'ngalande ndi kulipiritsa chindapusa wopatutsa madzi usiku. Wolakwayo angakhale mlamu wake kapena mnzake wa kutchalitchi, choncho mlandu wa kumunda umamutsatira mpaka kunyumba. Damu lomwe lidamangidwa ndi thandizo la European Union lidaonjezera madzi, koma ntchito yowagawa mwachilungamo idakalipo.

Mu 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidafotokoza kuti kupanikizika kwa nthawi yaitali pantchito kumaonekera m'njira zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Mtsogoleri akafika pamenepa amayamba kukwiya msanga, kuzemba misonkhano kapena kutula pansi udindo. Ngalande zimakwiririka, ndalama sizitoleredwa, ndipo mpunga wopita m'misika ya m'tauni umachepa.

Katsogoleredwe kamathandiza kapena kukulitsa vutoli. Wolamula yekha zonse amaoneka wamphamvu, koma dandaulo lililonse limagwera iye. Wogawira anzake ntchito, woika poyera ndandanda ya masiku othirira ndi kuwerenga malipoti a ndalama pamsonkhano, amachepetsa kukayikirana, pakuti mlimi amatsutsana ndi lamulo lomwe adagwirizana onse, osati ndi munthu. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Kukhutira ndi ntchito kumabweranso mtsogoleri akadziwa malire a udindo wake, akaphunzitsidwa kusunga mabuku ndi kuweruza mikangano, komanso akamayamikiridwa madzi akafika kumunda womaliza. Mabungwe omanga madamu ndi ngalande ayenera kuikanso ndalama pa maphunziro otere.