Thovu Lozimitsira Moto Lidaipitsa Madzi Akumwa ku Ronneby

Ronneby ndi boma laling'ono kum'mwera kwa dziko la Sweden, ku Ulaya. M'bomalo, pafupi ndi tauni ya Kallinge, muli bwalo la ndege za nkhondo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ozimitsa moto a pabwalopo ankaphunzira ntchito yawo pogwiritsa ntchito thovu lapadera. Moto wa mafuta a ndege suzima ndi madzi, pakuti mafuta amayandama pamwamba pa madzi napitiriza kuyaka. Thovu ndilo limafunditsa mafutawo, moto nkusowa mpweya.

Maphunziro akatha, thovu lija linkangolowa m'dothi. Mvula inkalikankhira pansi pang'onopang'ono mpaka lidafika pamadzi a pansi pa nthaka, amene ankapopedwa pamalo otchedwa Brantafors ndi kutumizidwa m'mipopi ya m'nyumba. Madziwo anali oyera mbee, opanda fungo, ndipo ankakoma monga mwa masiku onse. Choncho anthu adamwa, adaphikira, adamwetsa ana awo kwa zaka zambiri. Zidadziwika mu Disembala, chaka cha 2013 chisanathe, pamene madziwo adapimidwa, ndipo malo opoperawo adatsekedwa msanga. Banja limodzi mwa mabanja atatu alionse m'bomalo linali litamwa madzi amenewa.

Chimene chidapezeka m'madzimo ndi gulu la mankhwala otchedwa PFAS. Ameneŵa ndi opangidwa m'mafakitale, ndipo dzuwa, moto wa pamafuwa kapena tizilombo ta m'dothi sizingathe kuwaoletsa. Nchifukwa chake adapatsidwa dzina loti mankhwala amuyaya. Akalowa m'thupi amakhazikika m'magazi ndi m'chiwindi. Madokotala atatsatira anthu a ku Ronneby adapeza kuti pamapita zaka zopitirira 3 kuti theka chabe la mtundu wina, wotchedwa PFOS, lichoke m'magazi, ndipo mtundu wa PFHxS umatenga zaka zoposa 5.

Munthu womwa madzi otere sadwala tsiku lomwelo monga zimakhalira ndi kolera. Vuto limadza mwakachetechete. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana waonetsa kuti mankhwalawa amachulukitsa mafuta m'magazi, ndiponso amafooketsa mphamvu ya katemera mwa ana. Mu 2023 bungwe la World Health Organization, kudzera m'nthambi yake yofufuza za khansa, lidaika mtundu wa PFOA pagulu la zinthu zoyambitsa khansa. Mayi woyembekezera amapatsira mwana wake ali m'mimba, ndipo ena amadutsira mu mkaka wa m'mawere. Ngakhale zili choncho, madokotala salangiza amayi kuleka kuyamwitsa, popeza ubwino wa bere umaposa kutali chiopsezo chimenechi.

Pali mfundo imene anthu ozolowera malangizo a kuchipatala ayenera kuimvetsa bwino. Kuwiritsa madzi ndi kuthira kolorini kumapha tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba, ndipo sikuyenera kulekeka ngakhale tsiku limodzi. Koma PFAS si kachilombo, ndiye sangafe. Madzi akawira, nthunzi ndiyo imachoka, mankhwala nkutsala mumphika momwemo. Kusefa ndi nsalu sikuthandizanso. Amachotsedwa ndi zosefera zapadera, monga za makala okonzedwa kufakitale, osati makala a pambaula. Ku Ronneby njira yachangu inali kusiya madzi a Brantafors ndi kupatsa anthu madzi ochokera kwina.

Ena mwa anthu okhudzidwawo adasumira kampani ya khonsolo imene inkawagulitsa madzi. Mlandu udatenga zaka, koma mu Disembala 2023 bwalo lalikulu koposa la Sweden lidagamula kuti kukhala ndi mankhwala ochuluka chotero m'magazi ndi kuvulazidwa kale, ngakhale munthuyo asanayambe kudwala.

Pangano la mayiko la Stockholm, limene Malaŵi adasaina nawo, lidaika malire pa PFOS mu 2009 ndi kuletsa PFOA mu 2019, ndipo thovu lopanda mankhwalawa lilipo tsopano. Koma lakale lija limatha kukhalabe m'migolo kwa zaka. Anthu okhala pafupi ndi bwalo la ndege kapena malo osungira mafuta, akaona thovu lotere likutsikira kudambo, kumtsinje kapena kuchitsime, ayenera kudziwitsa alangizi a zaumoyo, ndipo ana asaseweremo.