Kota inapita: nanga mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota alowera khomo liti?

Inu amayi amene mumakapikula usipa ku Chia ndi mpunga pa boma la Nkhotakota, mukamadutsa ana a sukulu m'mbali mwa msewu wa M5, kodi mudawerengapo kuti ndi angati adzaponde ku Zomba, ku sukulu ya ukachenjede? Funsoli n'lanu ndithu, poti ambiri a inu kwanu ndi komweko, ndipo fizi ya ana a achimwene anu imachokera pa benchi yanu ya mumsika.

Masiku a Kamuzu univesite inali imodzi basi, University of Malawi. Malo anali ochepa zedi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma lidayamba kugawa malowo potengera boma limene mwana akuchokera. Iyi ndiyo kota ija. Anthu a ku Mpoto adalira nayo, ati ana awo okhoza bwino ankatsala pomwe ena a mapointi oipirapo akutengedwa. Mu 1993 ophunzira anayi adakamang'ala ku khoti lalikulu, ndipo khoti lidaithetsa. Bingu wa Mutharika adaibweretsanso mu 2009 ataiveka dzina lina lachingerezi, boma lililonse n'kupatsidwa malo 10 otsimikizika, otsalawo n'kugawidwa poyang'ananso kuchuluka kwa anthu. Mu February 2020 boma la Peter Mutharika lidalengeza kuti kota yatha.

Ena ku Nkhotakota adadandaula, koma tiyeni tinene chilungamo. Kota inkayang'ana kwanu, osati komwe waphunzira. Mwana wa bwana wa ku Area 47, wophunzira pa sukulu yolipira yokhala ndi magetsi ndi laibulale, bola bambo ake kwawo ndi kwa Malengachanzi kapena kwa Kanyenda, ankawerengedwa wa Nkhotakota. Ndiye tsono malo 10 aja ankapikisanirana ndi mwana wa ku Benga amene amawerengera koloboyi. Mukuganiza ankapambana ndani?

Lero mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS yomwe inali Poly, KUHeS ya madokotala ndi anamwino, LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Mwana amalembera kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo chimalankhula ndi satifiketi ya MSCE. Pamafunika makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo. Paja pa MSCE nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza chabe, 9 walephera. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, choncho katswiri weniweni amapeza mapointi 6. Makirediti aja amangokulola kuima pa mzere. Ku udokotala, malamulo ndi uinjiniya mzerewo ndi wautali, ndipo amayambira kutsogolo.

Apa ndiye pagona nkhani. Mpikisano uwu suyambira Fomu 4 ayi, umayambira Sitandade 8. Wokhoza kwambiri amasankhidwira ku sekondale yogonera komweko, kumene aphunzitsi a sayansi ndi zipangizo zimapezekako. Ambiri amagwera ku CDSS, zija zidalowa m'malo mwa ma MCDE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ma CDSS ambiri a kumudzi alibe labotale. Mwana amamva za asidi ndi maikulosikopu pa bolodi pokha, kenaka pa mayeso amupatsa kuti agwire ndi manja. Choipitsitsa, akafika Fomu 3 amathawa Physics ndi Chemistry n'kutenga zofewa kuti mapointi atsike. Mapointi amatsikadi, koma KUHeS imafuna Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Khomo adadzitsekera yekha zaka ziwiri m'mbuyomo, makolo osadziwa kanthu.

Ndiye palinso nyanja. Mnyamata wa Fomu 2 akapita usiku umodzi kokoka chilimira amabwera ndi ndalama m'thumba m'mawa mwake, pomwe digiri ikufuna zaka zina zisanu ndi chimodzi. Ku Dwangwa nzimbe nazo zimakoka. Mwana sangamuimbe mlandu wamkulu ngati pakhomo agona ndi njala. Chodabwitsa n'chakuti ku Bunda ndi ku Mzuni kuli digiri ya za nsomba, ndipo amene amadziwa kusiyanitsa mpasa ndi sanjika ali ndi zaka 7 kawirikawiri sindiye amakhala m'kalasimo.

Mafomu a NCHE akatuluka, musamusiye mwana adzaze yekha pa foni ya mnzake. Amaloledwa kusankha makosi angapo, ndipo wa mapointi apakatikati akalemba udokotala ndi malamulo zokhazokha amatsala, pomwe uphunzitsi kapena ulimi ukadamutenga. Mukhale naye pansi pamodzi ndi aphunzitsi ake, muone maphunziro amene kosi iliyonse ikufuna. Dzina likatuluka, fizi ya ku univesite isakuthawitseni msanga: kuyambira 2015 kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ndipo ngongoleyo amabweza akamaliza sukulu. Fomu ya ngongoleyi ndi yapadera, imakhala ndi tsiku lake lotsekera.