MAFONI AKASIYA KUGWIRA, MLIRI TIUTSATA BWANJI?

M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anawomba chigawo cha kum'mwera. Milatho inakokoloka, magetsi anazima, ndipo m'madera ambiri mafoni ndi intaneti zinaleka kugwira. Tsokali linatipeza tili kale pa nkhondo yolimbana ndi kolera, mliri umene unayamba ku Machinga mu Marichi 2022. Pomafika kumapeto a 2023 unali utagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700.

Pa nthawi yotere pali ngozi imodzi imene ambiri saiona. Ofesi ya zaumoyo ku Zomba ikapanda kulandira lipoti kuchokera ku Kachulu kapena ku chilumba cha Chisi, nkosavuta kuganiza kuti kumeneko kuli bwino. Koma kusamva kanthu sikutanthauza kuti kulibe odwala. Munthu akamwa madzi oipa amayamba kutsekula m'mimba pakapita maola ochepa kapena masiku osapitirira 5, ndipo angathe kumwalira tsiku lomwelo. Choncho lipoti likachedwa sabata imodzi, mudzi ulira maliro angapo.

Ku nyanja ya Chilwa vutoli ndi lalikulu. Asodzi ambiri amagona m'zimbowera pakati pa nyanja, ndipo madzi amene amamwa ndi omwenso amadzithandiziramo. Nchifukwa chake mu 2016 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la MSF, popereka katemera wakumwa wa kolera, anapatsa asodziwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha kunyanja.

Kuwerenga odwala sikulira magetsi. Mu 1854 Dr. John Snow wa ku London analemba pa mapu nyumba zonse zimene kolera anaphamo munthu. Anapeza kuti ambiri amatunga madzi pa mpope umodzi wa mu Broad Street, ndipo akuluakulu anagulula chogwirira cha mpopewo. Foni kunalibe.

Nafenso tingathe kutero. Nyakwawa, komiti ya zaumoyo ndi wapampando wa pa dooko akhale ndi kope. Munthu aliyense wotsekula chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga alembedwe motere:

1. Dzina, zaka ndi mudzi wake.
2. Tsiku limene anayamba kudwala.
3. Kumene amatunga madzi akumwa.
4. Kumene anayenda masiku 5 apitawo: kunyanja, kumsika kapena kumaliro.
5. Ngati wachira, wagonekedwa kapena wamwalira.

Amene amwalirira kunyumba alembedwenso. Nyakwawa imadziwa maliro onse a m'mudzi, pamene chipatala chimadziwa okhawo amene anafikako.

Tsiku ndi tsiku tumani mnyamata pa njinga kapena pa bwato kuti akapereke chiwerengero kwa mlangizi wa zaumoyo. Ngakhale tsikulo pasakhale wodwala, katumeni ndithu kuti akanene kuti palibe. Potero achipatala amasiyanitsa mudzi umene uli bwino ndi mudzi umene wangosowa njira. Mayina akachuluka pa chitsime chimodzi kapena pa dooko limodzi, klorini ndi mankhwala zimapita kumeneko poyamba.

Wodwala asadikire lipoti. Mumwetseni Thanzi ORS msangamsanga. Ngati palibe, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala.

Mvula isanagwe, gulani kope ndi pensulo, ndipo mugwirizane kuti adzanyamula uthenga ndani.