Njira ya Mbalame ndi Njira ya Munthu

Boma la Phalombe liri kumpoto kwa phiri la Mulanje, patsinde pa phiri la Michesi. Mzinda waukulu umene uli pafupi nalo ndiwo Blantyre, kumadzulo kwache. Anthu amuka kumeneko kukagulitsa nandolo ndi chimanga, kukafuna nchito, ndi kukapereka odwala ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.

Kutalika kwa ulendo kuyesedwa pawiri. Njira yoyamba ndiyo ya mbalame, yoongoka ngati chingwe chokoka. Khwangwala akanyamuka pa Phalombe nalunjika ku Blantyre, auluka makilomita monga 70. Njira yachiwiri ndiyo ya munthu. Msewu ulambalala mapiri, upewa madambo, nufunafuna pamene pali mlatho. Chifukwa chache utalika koposa njira ya mbalame.

Nthawi ya ulendo isiyananso. Munthu wamphamvu ayenda makilomita 5 pa ora limodzi, ndipo kale amtengatenga anali kugona panjira asanafike ku Blantyre. Galimoto itha ulendowo pa maora monga 2. Ndege yaing'ono youluka makilomita 200 pa ora ikhoza kuutha pa mphindi monga 20.

Koma ndege siitera ponse ponse. Ifuna bwalo lalitali, losalala ndi lolimba. Pa Phalombe palibe bwalo la ndege zonyamula anthu aulendo. Munthu wofuna kuuluka kunka ku Lilongwe, likulu la dziko kuyambira chaka cha 1975, ayamba wakwera galimoto kufikira ku Chileka, kupitirira Blantyre. Kumeneko alindira nthawi, kenaka auluka osakwana ora limodzi natera ku Lumbadzi, pa bwalo la Kamuzu. Pamenepo akweranso galimoto kulowa mumzinda. Tsono wowerenga bwino aphatikiza zonsezi, pakuti ulendo uyambira pakhomo, si pa bwalo la ndege ai. Pamsewu, kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ulendo wa maora 4 kapena 5.

Ilipo nthawi imene njira ya mbalame ipulumutsa moyo. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wochedwa Freddy anagwetsa mvula yoopsa. Madzi ndi miyala zinatsika m'mapiri, milatho inakokoloka, ndipo midzi ina ya ku Phalombe ndi ku Mulanje inatsala payokha. Magalimoto analephera kufikako. Pamenepo mahelikoputa, amene atera ngakhale pa bwalo la sukulu, anadza ndi chakudya ndi mankhwala. Kumwamba kulibe mtsinje wodzala woletsa waulendo.

Chotero mwana akamva kuti mudzi wakuti uli patali, afunse zinthu zitatu: Pa njira iti? Pa chokwera chanji? Nyengo yanji, yamvula kapena yachilimwe? Wodziwa zitatuzi sanyamuka mochedwa, ndipo wodwala wache afika ku chipatala dzuwa lisanalowe.