NYAMA YA M'THENGO YOPHIKIDWA M'KATI MWA MTANDA

Mlenje aliyense adziwa kuti nyama ya m'thengo iribe mafuta ambiri monga ng'ombe kapena nkhumba yoweta. Nyama za m'thengo zimakhalira kuthamanga ndi kufunafuna msipu, cotero mnofu wace suli wonona. Cifukwa ca ici, munthu akaioca pa moto nthawi yaitali, imauma nikhala yolimba ngati cikopa. Anthu a ku Ulaya nawonso ali ndi bvuto lomweli, ndipo njira imodzi imene anapeza ndiyo kukulunga nyama mu mtanda wa ufa wa tirigu isanalowe mu uvuni. Mtandawo uteteza nyama ku ukali wa moto, ndipo msuzi wace sutayika.

KUMENE CAKUDYACI CINACOKERA

Ku Britain kulibe mbawala kapena gwape, koma kuli nyama zofanana nazo zochedwa deer. Ziripo za mitundu 6, ndipo yaikulu koposa ndi yofiira imene ipezeka kwambiri m'mapiri a Scotland. Kale nyamazi zinali za mafumu. William atalanda dziko la England mu 1066, anapatula nkhalango zina kuti zikhale zace zosakamo, ndipo mmphawi wogwidwa atapha deer ankalangidwa koopsya. Lero zinthu zinasintha. Mimbulu imene inkagwira deer inatha zaka zoposa 200 zapitazo, tsono nyamazi zinaswana kwambiri, ndipo zimaononga mitengo yaing'ono ndi mbeu. Caka ndi caka alenje amapha zina motsata malamulo kuti zicepe, ndipo nyama yace imagulitsidwa m'masitolo.

Kuphika deer mu mtanda ndi mwambo wakale. Samuel Pepys, kalaliki wa boma wa ku London amene ankalemba zocitika za tsiku ndi tsiku kuyambira 1660 kufikira 1669, anachula cakudya cotere kawirikawiri. Koma mtanda wofewa wa timasamba unakonzedwa bwino ndi ophika a ku France, ndipo buku lao la mu 1653, Le Pâtissier françois, linalongosola kapindidwe kace. Angelezi amachula nyama yokulunga motere kuti Wellington, dzina la kazembe wa nkhondo amene anagonjetsa Napoleon pa Waterloo mu 1815.

CINSINSI CA MTANDA

Mtanda uwu suthiridwa yisiti kapena soda. Cimene ciutupitsa ndi nthunzi. Wophika amapinda mtanda pamodzi ndi batala kambirimbiri, kufikira m'kati mwace mukhale timasamba ta ufa ndi ta batala tosanjikizana, topyapyala kuposa pepala. Mtanda ukalowa mu uvuni wotentha, madzi a mu ufa ndi a mu batala amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imakankha timasamba tija kuti titalikirane. Pamenepo mtanda umatupa nukhala wopepuka ndi wokhukhuluzika pakamwa.

Mdani wamkulu wa nchitoyi ndi kutentha. Batala akasungunuka nthawi yopinda, amalowerera mu ufa, timasamba sitioneka, ndipo cimene cituluka mu uvuni ndi cimkate colemera ca mafuta. Ndico cifukwa cace ophika amabwezera mtanda mu firiji kawirikawiri. Amene alibe firiji agwire nchitoyi mamawa m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndipo aziika mbale ya mtanda, yobvundikira bwino, m'beseni la madzi ozizira a mu mtsuko.

Zofunika ndi izi: ufa wa tirigu magalamu 250, batala magalamu 250, madzi ozizira theka la kapu, ndi mcere theka la supuni yaing'ono. Wophika asakanize ufa, mcere ndi madzi, akande pang'ono cabe, nausiye mtandawo mphindi 30 pozizira. Kenaka auphwatalitse ndi botolo kapena mtengo wosalala, aike batala pakati atammenya kuti aphwatalale, nakulunge ngati phukusi. Phukusilo aliphwatalitse kuti litalike, nalipinde patatu monga apindira kalata. Acite cotero kasanu ndi kamodzi, koma akapinda kawiri aziupumitsa mtanda mphindi 30 pozizira. Ana a sukulu angathe kuwerengera okha: kupinda kulikonse kucurukitsa timasamba katatu, ndiye kuti 3, 9, 27, 81, 243, ndipo potsiriza timasamba ta batala 729.

KUKONZA NYAMA

Si nthuli iriyonse imene iyenera kuphikidwa motere. Mtanda umapsya pa theka la ola, tsono pafunika nyama yofewa imene ipsya pa nthawi yomweyo. Yoyenera ndi mnofu wautali wa m'mbali mwa pfupa la msana, wolemera magalamu 700 kapena 800, umene ukwanira anthu anai. Nyama ya m'khosi ndi ya m'miyendo njolimba. Imeneyo ifuna kuwiritsa mu mphika maola angapo. Ku Britain alenje amayamba apacika nyama m'cipinda cozizira masiku angapo kuti ifewe, ndipo amadula ndi kutaya mnofu wonse wozungulira pamene panalowa cipolopolo, pakuti tizidutswa ta mtobvu tiri ndi poizoni.

Poyamba wophika asende ndi mpeni wakuthwa kacikopa koyera kamene kakuta mnofu, cifukwa kameneka sikafewa pa moto. Apukute nyama ndi nsaru yoyera, aithire mcere ndi tsabola, naikazinge m'ciwaya cotentha kwambiri, mphindi imodzi mbali iriyonse. Colinga sikuti nyama ipsye ai, koma kuti kunja kwace kufiire ndi kununkhira bwino. Akatero aicotse naisiye izizire ndithu. Nyama yofunda ikakhudza mtanda imasungunula batala, ndipo nchito yonse yopinda ija ipita pacabe.

BOWA WA PAKATI

Pakati pa nyama ndi mtanda pamakhala bowa. Wophika atenge bowa magalamu 400 ndi anyezi mmodzi wamng'ono, aduledule ting'onoting'ono, nakazinge ndi batala pang'ono kufikira madzi onse aphwe. Izi zitenga mphindi 15 kapena kuposa, ndipo safunika kufulumira, pakuti bowa wamadzi amanyowetsa mtanda, pansi pace nipakhala phala. Bowa wouma bwino amamwa msuzi wotuluka mu nyama. Ophika ambiri amaonjeza cocinga cina: amayala zitumbuwa zopyapyala kwambiri za ufa, mkaka ndi dzira, napaka bowa pamwamba pace, nakulungamo nyama. Bowa akhale wogula kapena wodziwika bwino kwa amai ozolowera kuzula. Bowa wacilendo wapha anthu ambiri, ndipo kuphika sikucotsa poizoni wace.

KUKULUNGA NDI KUOCA

Zonse zikazizira, mtanda uphwatalitsidwe kufikira ucindikale mamilimita 3 kapena 4. Nyama ndi bowa wace ziikidwe pakati, mtanda uzikute bwino lomwe, ndipo m'mphepete mumatidwe ndi dzira lomenya. Msoko ukhale pansi. Pamwamba apakepo dzira kuti padzafiire, ndipo aboolepo tizibowo tiwiri totulukira nthunzi. Phukusili likhalenso pozizira mphindi 30.

Uvuni uyambe watentha kufika madigiri 200 phukusi lisanalowe. Mu uvuni wofunda cabe batala amangocuca, mtanda osatupa. Citseko cisatsegulidwe pa mphindi 20 zoyamba. Pakatha mphindi 25 kapena 30 mtanda umakhala utafiira. Azungu ambiri amakonda deer yofiirira m'kati, ndipo amaiturutsa cipangizo coyezera kutentha cikaonetsa madigiri 55 pakati pa nyama. Koma nguluwe, imene imasakidwa kwambiri ku Germany ndi ku France, siyenera kudyedwa yotere konse. Mnofu wace umatha kukhala ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tochedwa Trichinella, timene timadwalitsa munthu koopsya, ndipo iyenera kupsya kufikira madigiri 71 pakati penipeni.

Cakudya cikaturuka, cidikire mphindi 10 cisanadulidwe. Kudula msanga kutayitsa msuzi wonse pa thabwa. Pambuyo pace wophika adule zigawo zocindikala ndi mpeni wa mano, naperekere pamodzi ndi mbatatesi ndi masamba.

CENJEZO KWA OWERENGA

M'Malawi muno nyama za m'thengo ziri pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act la mu 1992, ndipo zilango zace zinakulitsidwa mu 2017. Kupha nyama m'nkhalango zotetezedwa monga Kasungu, Liwonde ndi Nyika, ngakhale kusunga kapena kugula nyama yophedwa popanda cilolezo, ndi mlandu umene ungathe kulowetsa munthu m'ndende. Cotero mphunzitsi wa zophika, kapena mnyamata wofuna nchito ya ukhukhi m'mahotela, asapite kwa opha nyama mobisa. Mnofu wa pamsana wa ng'ombe kapena wa mbuzi uphikika mwa njira yomweyi, ndipo mbuzi ya kumudzi, imene mnofu wace ulibe mafuta ambiri, ndiyo ifanana kwambiri ndi deer.

Batala ndi ufa wa tirigu nzodula, ndipo kuziononga nkutaya ndalama. Amene afuna kuphunzira ayambe wayesa mtanda wokha, theka la muyeso wachulidwa uja, nauoce m'tizidutswa. Akaona kuti ukutupa ndi kugawanika timasamba, pamenepo ndiye agule nyama.