Pikapu ikazima panjira, yambani mwaona waya

Nyengo ya manachesi ikafika kuno ku Mwanza, pikapu imodzi imasenza thukuta la mabanja angapo. Ikafera pamsewu wa M6 popita ku Blantyre, zipatso zimafewa padzuwa ndipo ogula amagwetsa mtengo.

Vuto limene limapusitsa ambiri ndi ili: galimoto inyamuka bwinobwino, injini ikatentha n'kuzima, ikazizira n'kuliranso. Eni ake amathamangira kukagula pampu ya mafuta kapena mapulagi, ndalama n'kupita pachabe. Kawirikawiri cholakwika ndi kasensa ka pa crankshaft. Pa magalimoto ambiri kali ndi maginito ndi koyilo mkati, ndipo kamawerenga mano a gudumu lachitsulo lozungulira ndi injini n'kumauza kompyuta nthawi yopereka moto ndi mafuta. Kakasiya, injini imazima.

Alimi anzanga, musanagule kena, londolani waya wake ndi chala. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe makoswe amaitafuna mawaya. Izi ndaziona kangapo. Zulani pulagi yake muone ngati muli dzimbiri kapena oyilo. Masulani kasensako, mupukute tizitsulo timene maginito akoka.

Zikakanika, amakaniko akayeze ndi mita injini ikadali yotentha, poti kakazizira kamanamiza. Ka mawaya awiri, mita ikaonetsa kuti njira yaduka, ndiye kuti koyilo yatha. Ka mawaya atatu nthawi zambiri kamalandira magetsi, choncho ayambe ayeza ngati magetsiwo akufika.